Kodi chigoba ichi ndi Spiniferites kapena Achomosphaera?

Luwinga_Miyala
Ndikupempha nzeru kwa akuluakulu a pagulu pano amene anagwirapo ntchito ndi zamoyo zakale zooneka pa maikulosikopu pokha. M'kalasi mwathu tapatsidwa magalasi ophunzirira amene anakonzedwa kuchokera ku mwala wa matope a pansi pa nyanja yamchere, wotengedwa kufupi ndi Kilwa ku Tanzania, ndipo aliyense ayenera kusankha chinthu chimodzi, kuchifotokoza ndi kuchipatsa dzina loyenera. Ine ndasankha chigoba cha dinoflagellate. Thupi lake ndi lobulungira motalikirapo pang'ono, pafupifupi ma micron 45 m'litali (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), ndipo lazunguliridwa ndi minga imene nsonga zake zagawika patatu, kenako kanthambi kalikonse kagawikanso pawiri. Mbali imodzi kuli chiboo cha ngodya zooneka bwino. Pa kapepala komatidwa pagalasipo analembapo kuti Spiniferites ramosus, koma mizere yotumphuka imene imalumikiza munga ndi munga mu genus (gulu la mitundu yapachibale) imeneyi ya Spiniferites ine sindikuiona. Buku limene tikugwiritsa ntchito likunena kuti chigoba cha minga yotere chikakhala chopanda mizere ndi cha Achomosphaera. Kodi nditsatire kapepala kapena nditsatire buku?

Katoto74
Tsatirani zimene maso anu aona, achimwene. Galasi limodzi limanyamula zigoba mazanamazana, ndipo wolemba kapepalako mwina ankanena za chigoba china. Ngati mizere palibe, ndi Achomosphaera basi.

NyaViphya
A Katoto74, pa nkhani ya kapepala mwanena zoona, koma pa dzinalo mwafulumira. Tisanagamule kuti mizere palibe, tifunse kaye kuti ayang'ana ndi mandala ati, komanso kuti chigobacho chagona motani pagalasipo. Mizere ya Spiniferites nthawi zina imakhala yaifupi kwambiri ndiponso yoonekera mkati ngati khungu lenilenilo, moti pa mandala a x40 imazimirira, makamaka chigoba chikakhala kuti chinaphwathalala kapena chinawaulidwa kwambiri ndi mankhwala pochikonza. William Evitt atakhazikitsa genus ya Achomosphaera mu 1963, anaisiyanitsa ndi mbale wakeyo pa chinthu chimodzi chomwechi, chakuti khungu la pakati pa minga lilibe mizere yosonyeza malire a tizigamba. Choncho mlandu wonse wagona pa chinthu chimene chimavuta kuona ngakhale chitakhalapo. A Luwinga_Miyala, ikani mandala a x100 a mafuta, chepetsani kuwala, ndipo mupukuse fokasi pang'onopang'ono kuyambira pamwamba pa chigoba mpaka pansi pake, maso anu ali patsinde pa munga umodzi. Ngati ndi Spiniferites, mudzaona tsindelo likutambasula timiyendo titatu, kalikonse kakulunjika kwa munga wina.

Mphunzitsi_Chibavi
Mundikhululukire polowerera. Ndimaphunzitsa Biology ku sekondale, koma nkhani imeneyi sili mu silabasi yathu, ndipo mwayamba kale kukangana za mizere ena tisanadziwe kuti chamoyocho n'chotani. Kodi tizigamba mukunenati ndi ta chiyani, ndipo kanthu kofewa kotero kangakhale bwanji m'mwala kwa zaka mamiliyoni?

NyaViphya
Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, chifukwa yankho la funso lanu ndi limene likhazikitse pansi mkangano wathu. Dinoflagellate ndi kachamoyo ka selo imodzi ka m'madzi, kochuluka m'nyanja zamchere ngakhale kamapezekanso m'madzi opanda mchere. Kali ndi timichira tiwiri: kena kamagona m'kangalande kozungulira m'chiuno, kotchedwa cingulum, ndipo kena kamachokera m'kangalande ka kumimba, kotchedwa sulcus, n'kuloza kumbuyo. Ambiri mwa iwo amavala tizigamba ta cellulose tolumikizana m'misoko, ndipo kuchuluka ndi kakhalidwe ka tizigambati n'kokhazikika pa gulu lililonse. Koma chovala chimenechi chimaola msanga, ndipo sichimene timachipeza m'mwala.

Chimene chimatsala ndi chigoba chogonera. Maselo awiri akaphatikizana pobereka, selo yatsopanoyo imapanga khungu lolimba mkati mwa chovala chake, chovala chija n'kuyoyoka, chigoba n'kumira m'matope. Khungu limeneli ndi la dinosporin, chinthu chosaola wamba chomwe chimapirira ngakhale asidi woopsa. Nthawi yogona ikatha, selo imatuluka kudzera pa khomo lotchedwa archeopyle, n'kusiya chigoba chopanda kanthu. Popeza chigobacho chinaumbidwira mkati mwa chovala, chimasunga chithunzi cha tizigamba tija, kwina mwa mizere, kwina mwa malo amene minga yamera, kwina mwa maonekedwe a khomo lokha. Chikakhala cha minga yaitali monga cha a Luwinga_Miyala, chimaoneka ngati chipatso cha nsatsi chisanaume. Dziwaninso kuti mwa ma species amene ali moyo lero, amene amadziwika kuti amapanga zigoba zotere safika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu, kotero miyala imangotionetsa kachigawo kochepa ka zimene zinkasambira m'nyanjazo.

Dokotala_wa_Matope
Ndiwonjezere za kawerengedwe, chifukwa wophunzira amene sanawerenge tizigamba sanayambe kufotokoza chigoba. Njira imene ambiri amatsata ndi ya Charles Kofoid wa ku America, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, yomwe imawerenga tizigamba m'mizere yozungulira kuchokera kumutu kutsikira kunsi. Ta kumutu timalembedwa ndi kachizindikiro kamodzi, ta pamwamba pa cingulum tiwiri, ta pansi pake titatu, ndipo ta kunsi kwenikweni tinayi. Banja la Gonyaulax, kumene kuli Spiniferites ndi Achomosphaera, limakhala ndi tizigamba 6 pamwamba pa cingulum, 6 m'cingulum momwemo, ndi kamodzi kokha kunsi. Banja la Peridinium limakhala ndi 7 pamwamba pa cingulum, 2 kunsi, ndiponso mzere wina wa tizigamba toloweka pakati kumsana. Ndiye chifukwa chake khomo ndi umboni waukulu. Mu Spiniferites limatseguka pamene panali kachigamba kachitatu ka pamwamba pa cingulum, kolembedwa 3'', komwe kali pakati pa msana. Mu Deflandrea, yomwe ndi ya banja la Peridinium, limatseguka pa kachigamba koloweka kachiwiri, 2a. Mu Hystrichosphaeridium chimene chimachoka ndi chipewa chonse cha kumutu, n'kusiya mlomo wokhotakhota.

A Luwinga_Miyala, chenjezo langa ndi ili. Chigobacho chimaonekera mkati, choncho mukatsitsa fokasi mpaka khungu la pansi, mukuliona kuchokera mkati, ndipo kumanja kumasanduka kumanzere. Ophunzira ambiri amajambula tizigamba totembenuzika chifukwa cha zimenezi, kenako n'kudabwa kuti cingulum yatsikira mbali yolakwika. Pa chithunzi chilichonse lembani ngati ndi cha khungu la pamwamba kapena la pansi.

Luwinga_Miyala
Zikomo a dokotala. Khomo lili pamwamba pa chiuno ndipo likufanana ndi 3'' mmene mwafotokozeramu. Koma zimenezi sizikundichotsa m'vutoli, chifukwa ma genus onse awiri ali ndi khomo lomwelo.

Katoto74
Pamenepo ndiye pali mfundo yanga. Khomo ndi limodzi, minga ndi yofanana, imamera pamalo amodzimodzi, ndipo chotsala ndi kamzere kamene wina amakaona pamene mnzake sakukaona. Kodi ma genus awiri angasiyane chifukwa cha mphamvu ya mandala? Kwa ine awa ndi mayina a mu kabati ya akatswiri, osati magulu enieni a zamoyo.

Dokotala_wa_Matope
A Katoto74, akatswiri a nkhaniyi sangakukanireni kwathunthu. Malamulo a mayina amene amatsatidwa pano ndi a ndere, bowa ndi zomera, ndipo amalola kuti chigoba chopezeka m'mwala chikhale ndi dzina lakelake pamene chamoyo chosambira chili ndi lina. Dzina la chigoba limanena za maonekedwe a chigobacho, silikulonjeza kuti lakwanira ndendende pa species imodzi yamoyo. Komabe Achomosphaera ramulifera yosungika bwino imakhaladi ndi khungu lopanda mizere ngakhale muiike pa maikulosikopu ya ma electron, choncho kusiyanako kulipo. Chovuta ndi zigoba za pakatikati, zomwe zili ndi mizere pa tizigamba tina pokha.

Zolozolo_22
Funso langa n'lakuti, bwanji tikuvutika ndi miyala ya ku Kilwa pamene ku Karonga kuli miyala ya nthawi ya Cretaceous? Dinosaur wotchedwa Malawisaurus anafukulidwa ku Mwakasyunguti. Sitingapite kumeneko kukatenga zathuzathu?

NyaViphya
Zaka zingafanane, koma madzi ndi amene amasiyana. Miyala ya ku Karonga imene munapezeka mafupa a Malawisaurus inaunjikana m'mitsinje ndi m'madambo a kumtunda, osati pansi pa nyanja yamchere, pamene Spiniferites ndi wa m'madzi amchere. Miyala ya gulu lotchedwa Karoo imene muli malasha a ku Mchenga ndi Kaziwiziwi ndi ya nthawi ya Permian, yakale kuposa zigoba zoyambirira zosakayikitsa za dinoflagellate, zomwe zimayamba kuoneka mu Triassic, zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo. M'malashamo mungapeze mungu ndi njere za zomera zakale, zomwe zimakonzedwa mwa njira yomweyo ndipo n'zofunikanso. Kuti mupeze matope a m'nyanja yamchere a Cretaceous ndi Paleogene kufupi ndi kwathu, muyenera kupita kugombe, ku Kilwa ndi Lindi kapena kumpoto kwa Mozambique, kumene makampani ofufuza gasi m'chigwa cha Rovuma amadalira tizamoyo totere kuti adziwe msinkhu wa miyala imene akuboola.

Mphunzitsi_Chibavi
Nanga m'nyanja yathu ya Malawi mulibe? Ndikuganiza zotenga matope ku Nkhata Bay kuti ana akaone okha. Kodi tingawakonze mu labotale ya pasukulu?

Dokotala_wa_Matope
Aphunzitsi, ma dinoflagellate a m'madzi opanda mchere monga Peridinium amapezeka m'nyanja zotere, ndipo kuti ana aone amoyo akuzungulira m'kadontho ka madzi sipafunika mankhwala alionse. Koma kukonza mwala musayese pasukulu. Poyamba amathira hydrochloric acid kuti asungunule laimu, kenako hydrofluoric acid kuti asungunule mchenga ndi dongo, zotsalazo n'kuzisefa pa sefa ya ma micron 10 kapena 20. Asidi wachiwiriyu amalowa m'khungu mpaka kufupa munthu asanamve kuwawa kwenikweni, ndipo amafuna kabati yokoka mpweya ndi mafuta a calcium gluconate ali pafupi. Ndatchula za kakonzedwe chifukwa zikukhudza funso loyamba lija: ena amawonjezera nitric acid kuti zigoba ziyere, ndipo akapitiriza muyeso, zigoba zofiirira za banja la Protoperidinium zimasungunuka, zotsalazo n'kukhala zotuwa moti tinthu tating'ono ta pakhungu sitioneka bwino. Utoto wa safranin umathandiza pa vuto lotere, koma galasi likakhala lomatidwa kale palibenso chochita.

Katoto74
Tibwerere ku dzina. Ngakhale mizere ipezeke, ndi chiyani chikutsimikiza kuti ndi ramosus? Ndamva kuti dzina limeneli amangolipachika pa Spiniferites aliyense amene wasowa kwawo.

Msongwe_Agogo
Ine ndinapuma ntchito kalekale, koma mbiri ya dzina limeneli ndimaikonda, ndipo ikuyankha funso la a Katoto74. Woyamba kuona zinthuzi anali Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany m'zaka za m'ma 1830, pamene ankayang'ana tizibenthu topyapyala ta mwala wa flint wa nthawi ya Cretaceous. Zina anazizindikira kuti ndi ma dinoflagellate chifukwa tizigamba tinkaoneka poyera, koma zaminga anaziika mu Xanthidium, yomwe ndi ndere ya m'madzi opanda mchere, ndipo chathuchi anachitcha Xanthidium ramosum. Iye ankaganiza kuti khungu lake ndi la silica. Gideon Mantell wa ku England, yemwe uja anatchula Iguanodon, anaona kuti minga ina ndi yopindika ndipo zigoba zina ndi zong'ambika, zomwe sizikanatheka pa chinthu chouma gwa ngati silica, ndipo mu 1850 anapereka dzina la Spiniferites. Dzinalo linaiwalika. Mu 1933 Otto Wetzel anabweretsa la Hystrichosphaera, lomwe linalamulira kwa zaka zoposa 30, mpaka akatswiri anabwezeretsa la Mantell chifukwa ndilo linayamba. Ndiye mukapeza buku lakale likunena za Hystrichosphaera ramosa, dziwani kuti ndi chinthu chomwechi.

Nthawi yonseyo palibe ankadziwa kuti timipira taminga timeneti n'chiyani. Ena ankati ndi mazira a tizilombo ta m'nyanja. Evitt ndiye anasonyeza mu 1961 kuti chiboo chija chili ndi maonekedwe a kachigamba ka dinoflagellate ndipo minga imatsata dongosolo la tizigamba. Zimene zinakana kulowa m'dongosolo limeneli anazipatula mu 1963 n'kuzitcha ma acritarch. Kenako David Wall ndi Barrie Dale a ku Woods Hole ku America, m'zaka za m'ma 1960, anatola zigoba zamoyo m'matope a m'nyanja n'kuzisunga mu labotale mpaka zinaswa, ndipo mu zigoba za Spiniferites munatuluka Gonyaulax akusambira. Pamenepo mkangano wa zaka zoposa 100 unatha.

Tsono poti ramosus ndiye species yoimira genus yonse, ndipo kufotokoza kwake koyamba kunali kwachidule malinga ndi zida za nthawiyo, zigoba zambiri zosiyana pang'ono zakhala zikulowa m'dzinali. Roger Davey ndi Graham Williams mu 1966 anayesa kuligawa m'timagulu tating'ono potengera kutalika kwa minga ndi kakhalidwe ka khungu, koma malire ake mpaka lero amavuta.

Katoto74
Agogo, mwandithandiza kuposa mmene mumafunira. Ngati chigoba chimodzi chikupezeka kuyambira kuchiyambi kwa Cretaceous mpaka m'matope a lero, zaka zoposa 100 miliyoni, ndani angakhulupirire kuti ndi species imodzi?

NyaViphya
Palibe katswiri amene amanena kuti ndi species imodzi m'lingaliro la Biology. Chimene chakhalitsa ndi kaumbidwe ka chigoba. Zoyesa za mu labotale zasonyezanso mbali ina ya vutoli: ma Gonyaulax ofanana kwambiri posambira, amene kale ankangotchedwa onse Gonyaulax spinifera, amatulutsa zigoba zimene m'miyala zili m'ma genus osiyana, monga Spiniferites ndi Nematosphaeropsis, yomwe nsonga za minga yake zimalumikizana ndi timaulusi. Ndiponso kutalika kwa minga kumasintha ndi madzi amene chigoba chaumbidwiramo. Chitsanzo chodziwika bwino ndi Lingulodinium machaerophorum, amene minga yake imafupika m'madzi a mchere wochepa monga a ku Baltic ndi Black Sea, n'kutalika kumene mchere uli wokwanira. Choncho ine sindikhulupirira species yatsopano imene maziko ake ndi kutalika kwa minga kokha, makamaka ikachokera pa zigoba ziwiri kapena zitatu. Koma sindikugwirizana ndi a Katoto74 akamati mayinawa ndi a mu kabati chabe. Dzina la chigoba likafotokozedwa bwino, wa ku Dar es Salaam ndi wa ku Utrecht amamvana kuti akunena chinthu chimodzi, ndipo popanda kumvana kumeneko miyala ya m'zitsime ziwiri singayerekezedwe.

Luwinga_Miyala
Ndabwerako ku labotale. Pa mandala a x100 a mafuta, kuwala kutachepetsedwa, mizere yaoneka. Ndi yopyapyala kwambiri, ndipo yaonekera bwino m'mbali mwa cingulum, pamene yapanga mizere iwiri yoyendera limodzi yodulidwa m'tizigawo totalika, komanso kuzungulira kachigamba ka kunsi. Kumutu sindikuona bwino chifukwa khungu lapindika pamenepo. Minga yambiri yamera pamphambano pamene mizere itatu yakumana, ndipo ndiyo yogawika patatu. Ndapezanso munga umodzi wamera pakati pa mzere, ndipo umenewo wagawika pawiri pokha. Khungu ndi losalala, lopanda timadontho.

Dokotala_wa_Matope
Pamenepa genus yadziwika, ndi Spiniferites. Zimene mwaona za minga ndi dongosolo lake lenileni: wa pamphambano umagawika patatu chifukwa misoko itatu imakumana pamenepo, ndipo wa pakati pa msoko umagawika pawiri. Pa species, yambani ndi kuchotsa zimene sizili. Spiniferites bentorii ali ndi kanundu kumutu ndipo thupi lake limasongokera kumeneko. Spiniferites membranaceus ali ndi kansalu kolumikiza minga ya kunsi. Spiniferites mirabilis ali ndi minga yambiri ya pakati pa misoko ndi chansalu chachikulu kunsi. Popeza kumutu kwapindika, simungatsimikize kuti kanundu palibe, ndiye ine ndikanalemba Spiniferites cf. ramosus, kutanthauza kuti chikufanana ndi ramosus koma sizinatsimikizike, n'kufotokoza chifukwa chake m'chiganizo chimodzi. Musaiwale kulemba malo a chigobacho pagalasi pogwiritsa ntchito England Finder, kagalasi ka timizere ndi manambala kolozera malo, kuti wokuyesani akachipeze yekha.

Katoto74
Ine ndikanalemba Spiniferites sp. n'kulekera pomwepo. Kuwonjezera cf. pa dzina limene malire ake sakudziwika n'kuonetsa ngati tikudziwa zambiri.

NyaViphya
Zonse ziwiri n'zololedwa, koma cf. imauza wowerenga kuti chigobacho chayerekezedwa ndi chiyani, pamene sp. imamusiya m'malere pakati pa ma species ambirimbiri. Chimene ndikufuna a Luwinga_Miyala adziwe n'chakuti chigoba asankhachi, ngakhale n'chabwino pophunzirira tizigamba, sichingawauze msinkhu wa mwalawo, chifukwa chakhalapo nthawi yaitali kwambiri. Chimangosonyeza kuti matopewo anali a m'nyanja yamchere. Msinkhu umadziwika ndi zigoba zimene zinabwera n'kutha msanga. Dinogymnium ndi wa kumapeto kwa Cretaceous ndipo sadutsa malire a zaka 66 miliyoni zapitazo. Apectodinium anachuluka modabwitsa padziko lonse pa nthawi ya kutentha kwakukulu kwa zaka 56 miliyoni zapitazo. M'miyala ya kumapeto kwa Cretaceous ya m'madera otentha a Africa mumapezekanso kawirikawiri Andalusiella, Cerodinium ndi Senegalinium. Yendani pagalasi lonse mzere ndi mzere, muone amene akutsagana ndi Spiniferites wanuyo.

Luwinga_Miyala
Ndayamba kale, amayi. Pafupi ndi m'mphepete mwa galasi pali china chopanda minga, chosongoka mbali zonse ziwiri, cha kangalande kakuya m'chiuno ndi makwinya oyenda m'litali kuchokera kumutu. Kodi chimenechi chingakhale Dinogymnium?

NyaViphya
Mmene mwafotokozeramu chikumveka ngati iyeyo, koma makwinya a m'litali amathanso kubwera chifukwa cha kuphwathalala. Yezani kutalika kwa mbali ya pamwamba pa cingulum ndi ya pansi pake padera, ndipo mujambule nsonga ya kumutu pa x100. Dinogymnium amakhala ndi kakhomo kakang'ono pansonga penipeni, ndipo khungu lake silisonyeza tizigamba. Mutitumizire zithunzi ziwiri, cha fokasi ya pamwamba ndi cha pakati.